Mimba ya Masikirini Atatu

1

Mukafika pa Mwanza Boma n'kufunsa za Tiyese wa patiyirumu ya kufupi ndi boda, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukufunsani kuti, "Uja anatenga mimba ya kompyuta?" Tiyese wake ndine. Mimba kunalibe, tiyeni tiyambe tagwirizana pamenepo. Koma chimene ndinachita n'choipa kuposa chimene ankandinamizira, ndipo banja langa linatsala pang'ono kuthera pomwepo.

Amuna anga ndi a Fenias. Anabwera kuno ali kumsana nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, n'kukulira kwa Nthache. Ntchito yawo inali yoyendetsa thiraki, njira ya ku Tete mpaka ku Beira. Takhala m'banja zaka khumi ndi zisanu, ndipo mwana wathu Sonia ali ku sekondale yogonera komweko.

Mkazi mnzanga woyamba anabwera m'katoni. Tsiku lina a Fenias anatsitsa chikatoni chachitali ngati chitseko, m'kati muli pulazima yoti munthu wa pakanemayo amaoneka wamkulu kuposa iwe woonera. Munalinso chiwongolero cha masewero ndi zopondera zitatu, buleki ndi zinzake, ngati za galimoto yeniyeni. Anakatola mpando wa minibasi yakufa kwa owotcherera n'kuukhazika pabalaza, pamalo pamene panali sofa yanga. Tangoganizani, munthu wayendetsa thiraki sabata yathunthu, akafika pakhomo n'kukhalanso pachiwongolero kumathamangitsa galimoto zabodza. Madalaivala anzawo akamadikira mapepala paboda ankabwera kudzapikisana nawo, ndipo panalibe wowaposa.

Kenako panatulukira Zakeyu, wokonza mafoni pamsika, munthu wowonda, wamanyazi, wosakwatira. Iyeyu anapeza masikirini atatu a kompyuta pa ofesi ina imene inkatsekedwa ku Blantyre, n'kuwayalika kuseri kwa shopu yake, imodzi patsogolo, ziwiri m'mbali. Kuyambira tsiku limenelo madalaivala anagawanika pawiri.

Mkangano wake unkachitikira mutiyirumu mwanga, ine ndikuthira tiyi. A gulu la a Fenias ankati sikirini imodzi yaikulu ndiyo yaulemu. Chithunzi n'chathunthu, msewu umaoneka mpaka timiyala, chingwe cholumikizira n'chimodzi, ndipo magetsi akazima batire ya sola imaikwanitsa. A gulu la Zakeyu ankati pulazima ndi yoonera mpira ndi maukwati. Galimoto, ankatero, ili ndi mazenera a m'mbali. Pa masikirini atatu umaona mnzako akukuzemba, umaona kumene kona ikuthera usanalowemo, ndipo mitengo ikamadutsa m'mbali mwa maso liwiro umalimva mpaka m'mimba.

A Fenias ankangoseka. Ankati kwa Zakeyu munthu umayendetsa ngati mkaidi wosuzumira pazenera la zitsulo, chifukwa pokumana masikirini pamakhala mizere iwiri yakuda yodula msewu. Ankatinso sikirini ya kumanja ikudwala chikasu, ndipo zingwe zangoyanga paliponse ngati maungu a kuseri kwa bafa. Zonsezo zinali zoona. Koma anzawo akati tiyeni mukayese, iwo ankatemetsa nkhwangwa pamwala. Ine ndinkati ndi matama chabe.

2

Zinthu zinayamba kupotoka chaka chatha, nyengo ya manachesi. Kale a Fenias akamadutsa ndi thiraki n'kundiona pakhomo pa tiyirumu ankaimba hutala kawiri. Kenako anayamba kungodutsa. Ndinkaima m'mbali mwa msewu dzanja lili m'mwamba ngati woimitsa minibasi, iwo maso ali patsogolo. Azimayi ogulitsa manachesi ankatsinana.

Pa ukwati wa msuweni wanga ndinasoketsa diresi yatsopano. Nditachoka kophika ndinasintha, n'kukakhala pambali pawo mwakachetechete kudikira kuti ayamikire. Ndinadikira mpaka perekaniperekani yense anatha. Pamapeto pake anadzuka n'kukafunsa munthu wina ngati wandionako.

Chimene chinanditsiriza ndi cha mayi anga. Anatsika kuchokera kwa Kanduku ndi dengu la mtedza, n'kukhala pamthunzi pafupi ndi depoti kuti apume. A Fenias anatulukira wapansi, njira yomweyo. Kwathu mkamwini akaona apongozi amapatuka, kuvula chipewa, kunjuta chapatali n'kupereka moni maso ali pansi. A Fenias ankazitha zimenezi kuposa amuna a kwathu komwe. Tsikulo anadutsa chipewa chili kumutu, akuimba likhweru, nsapato yawo kutsala pang'ono kukankha dengu. Mpongozi saitana mkamwini pamsewu ngati akumutsatsa mandasi, choncho mayi anangokhala chete anthu akuona.

Atafika kunyumba kwathu anakana chakudya. Anangondifunsa kuti, "Mwanawe, abambowa tinawalakwira chiyani?"

A Fenias atamva anagwada n'kupepesa, amvekere sanawaone. Mayi anga ndi munthu wathupi, ndipo tsikulo anavala chitenje chofiira choti ngakhale mbuzi ikanacheuka. Osawaona bwanji? Ndinalumikiza ndekha nkhani yonse. Mwamuna akasiya kuona mkazi wake, n'kusiyanso kuona apongozi ake, ndiye kuti maso ake ali kwina. Rozina, mkazi wa achimwene awo a Fenias, anakolezera. Anati madalaivala onse ali ndi khomo lina ku Moatize, pa msewu wa ku Tete, nanga anga okha angakhale mngelo?

Ndinasecha m'foni, osapeza kanthu, n'kungoti ndiye kuti ndi katswiri wofufuta. Ndinanunkhiza malaya, ankanunkha dizilo basi. Umboni ukamasowa mkwiyo wanga unkangokulirakulira. Ndinaganiza kuti iwo andichititsa manyazi pamsewu, nanenso ndiwachititsa manyazi pamene amanyadira. Ndikaphunzira kuyendetsa pa masikirini amene amawanyozawo, ndipo ndidzawagonjetsa anzawo onse akuona.

3

Mwayi unapezeka pamene a Fenias anakakamira ku Beira kudikira katundu wa pasitima. Masana ena, tiyirumu itazizira, ndinapita kwa Zakeyu n'kumuuza chimene ndinkafuna. Anagwetsa foni ya mwini.

"Alamu, a Fenias akamva ine ndikafera chiyani?"

Ndinamuuza kuti amantha anafa kale, n'kumuikira mandasi anayi patebulo. Anavomera akutafuna.

Kuseri kwa shopu kunali kachipinda kotentha ngati uvuni. Zakeyu anatseka katani chifukwa dzuwa likawomba pa masikirini suona kanthu. Anandikhazika pampando, n'kutenga ulusi kuyeza kuchokera pamphuno panga kufika pa sikirini iliyonse kuti mtunda ufanane. Ya kumanzere anaiikira njerwa, ya kumanja mabokosi a mafoni, n'kuzipinda pang'ono kuti zindizungulire. Anati zikapendekeka ngakhale pang'ono msewu umathyoka pakati.

Nditaponda moto dziko linayamba kuyenda. Pa pulazima ya kunyumba ndinkaona ngati kanema, galimoto ili uko ine ndili kuno. Apa ndinali m'kati mwenimweni. Mipanda inkathamanga mbali zonse ziwiri, maso akuti ukuyenda, thupi likuti wakhala pansi. Pa kona yachitatu m'mimba munatembenuka. Ndinakankha katani, kuthamangira kuseri kwa shopu, n'kubweza tiyi yense wa m'mawa pafupi ndi azimayi a tomato. Zakeyu, mwa ulemu wake wopusawo, ananditsatira ndi kapu ya madzi atanyamulanso kachikwama kanga.

Mawa lake zinachitikanso, mkuja chimodzimodzi. Zakeyu anati zimachitika kwa ambiri oyamba kumene, ndizinyambita ndimu zidzasiya. Ndiye taonani chithunzi chake. Mkazi wamwini akulowa kuseri kwa katani ndi mwamuna wosakwatira, akutuluka thukuta lili kamukamu, akusanza, kenako akuyenda pamsika akunyambita ndimu, mwamuna wake ali ku Beira mwezi wachiwiri. Azimayi a pamsika amawerenga miyezi kuposa anamwino. Sabata isanathe nkhani inali m'kamwam'kamwa kuti Tiyese waima, ndipo mwini mimba ndi Zakeyu.

Apa ndiye pamene ndiyenera kuulula tchimo langa loyamba. Manong'onong'owo ndinawamva, ndipo anandikomera. Ndinati aleke amve, nawonso alawe mmene zimawawira. Ndinayamba kuyenda dzanja lili m'chiuno. Ndinasiya kumanga chitenje mothina. Tsiku lina ndinafunsa Rozina, ndi nkhope ya mwana wosalakwa, kumene amagulitsa dothi lokazinga limene amakonda amayi apakati. Anatuluka mutiyirumu osamaliza tiyi, ndipo Rozina sasiya tiyi.

Kusanza kunatha sabata yachiwiri, kuyendetsa n'kuyamba kukoma. Ndinaphunzira kuponda buleki ndisanalowe pakona, ndi kuponya diso pa sikirini ya m'mbali kuti ndione pamene msewu ukutulukira. Mizere yakuda ija ndinasiya kuiona. Galimoto ikamabwera m'mbali ndinkaimva ndi ngodya ya diso ndisanaiyang'ane n'komwe, n'kuitsekera njira. Kunyumba ndinayesako pa pulazima ya a Fenias mwakabisira. Kukongola ndiye kunalipo, mpaka udzu umaoneka tsamba lililonse, koma ndinkangomva ngati ndikuyendetsa nditasuzumira pakhomo. Anzako amangokutulukira pamphuno osadziwa kumene achokera. Pofika sabata yachinayi ndinali nditamuposa Zakeyu, ndipo anasiya kundiphunzitsa n'kuyamba kundifunsa.

4

A Fenias nkhaniyi anaimvera pa Zobue, asanawoloke boda n'komwe. Anafika pakhomo dzuwa likupendeka, anaika chikwama pansi, n'kukhala pampando wa pakhonde. Chiwongolero chawo sanachiyang'ane. Ndinawapatsa madzi nditagwada ndi maondo awiri, mwaulemu wonse umene ndinaphunzitsidwa, mumtima ndikuvina.

"Mayi a Sonia, ndamva zinthu."

"Mwamva ndi makutu?" ndinatero. "Ndimayesa nawonso anasiya ntchito ngati maso."

Nkhope yawo inachita phulusa. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali ngati akufuna kudziwa kuti ndikudziwa zochuluka bwanji. Ine ndinati ndawagwira, chikumbumtima cha ku Moatize chikuwaluma.

Sanakalipe, sanandifunse ngati n'zoona. Anangoti popeza zafika apa aitana ankhoswe Loweruka, ndipo ngati ndasankha kwina sadzandikakamira. Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira kumsana. Ndinkafuna mwamuna wansanje, wolusa, woti amenye tebulo. Amene anakhala patsogolo panga anali munthu wooneka ngati anali atakonzeka kale kusiyidwa. Kwa nthawi yoyamba ndinachita mantha kuti masewera angawa andithetsera banja.

Ndikanatha kuulula pomwepo. Mawu anafika pakhosi, koma ndinakumbukira mayi anga atakhala pafupi ndi dengu lawo, ndipo ndinawameza.

5

Loweruka m'mawa anasonkhana pabalaza, moyang'anizana ndi pulazima ija. Mbali yanga kunali malume anga a Mateyu, nkhoswe yathu, munthu wa nthabwala amene amaweruza nkhani akusenda nzimbe. Mbali yawo kunali achimwene awo a Timoti. Mayi anakhala pakhonde pomvera bwino. Rozina anadziitana yekha ngati mboni, ndipo Zakeyu anabwera atavala jekete ya kutchalitchi ngati wopita kokanyongedwa.

Rozina anayala umboni wake mwadongosolo: katani, thukuta, masanzi, ndimu, dothi. Zakeyu atafunsidwa anayamba kulumbira mayina a makolo ake mpaka a Timoti anamuuza kuti akhale pansi. Kenako malume anatembenukira kwa ine. Ndinati mimba ndilibe, ndipo chimene chinkandisanzitsa ndi masikirini atatu.

Malume anati iwo akula, aona mimba zobwera ndi alendo, zobwera ndi abusa onyenga, koma ya sikirini sanaimvepo. Popeza mlandu sagamula ndi makutu okha, tiyeni tonse tikaione.

Tinayenda pamzere mpaka pamsika, malume patsogolo, Zakeyu pambuyo. Pofika pashopu tinali khamu. Azimayi a tomato anasiya malonda, akabaza anaimika njinga, ndipo madalaivala amene ankadikira mapepala anabwera onse, pamodzi ndi kapitawo wa kampani ya a Fenias amene amagawa maulendo paboda. Zakeyu anachotseratu katani kuti aliyense aone, poti dzuwa linali lisanayambe kuwomba mbali imeneyo.

Malume anati ayamba ndi iwo. Anakhala pampando, anagwira chiwongolero ngati khasu, Zakeyu n'kuwayatsira. Anagunda mpanda, anazungulira ngati nguli, anabwerera chammbuyo. Sanathe mphindi zitatu. Anadzuka atagwira pakamwa, kupatula anthu ndi chigongono, n'kukagwada pamalo anga omwe aja kuseri kwa shopu. Atabwerako akupukuta misozi anaima pakati pa anthu.

"Abale anga, ngati imeneyi ndi mimba, ndiye kuti nanenso ndaima. Zakeyu, ukandilipire."

Msika wonse unagwa ndi phwete. A Timoti anaseka mpaka kutsamira khoma, Rozina akufunafuna pothawira. Malume anati mlandu wa mimba watha, Zakeyu ndi wosalakwa, aliyense azipita. Ndinaona a Fenias akupuma mozama ngati munthu wotula thumba la chimanga. Anabwera pafupi nane n'kunena motsitsa kuti, "Tiye kunyumba, Tiye. Zatha."

Nkhani ikanathera pamenepo bwenzi lero ndikukusimbirani nthabwala chabe. Koma ine sindinasanze sabata ziwiri kuti ndingopezeka wosalakwa.

6

Ndinakhala pampando n'kuuza Zakeyu kuti aike mpikisano wa galimoto khumi ndi ziwiri. Ndinavula nsapato, chifukwa buleki ndimaimva bwino ndi phazi. Ndinayambira kumapeto, n'kumazidutsa imodzi imodzi, ina kumanja, ina kumanzere, madalaivala akukuwa kumbuyo kwanga. Ndinamaliza woyamba. Azimayi a tomato omwe ankandijeda aja analulutira.

Ndinadzuka n'kupukuta mpando ndi dzanja. Ndinanena mokweza kuti aliyense amve, kuti tsopano akatswiri a pa pulazima atisonyeze. A Fenias anapukusa mutu, amvekere tsiku lina. Ndinawafunsa ngati akuopa masikirini kapena akuopa mkazi. Anzawo anayamba kuwakankhira kutsogolo, kapitawo uja akuti ulemu wa kampani uli m'manja mwawo. Anandiyang'ana kamodzi, kuyang'ana kopempha, ine n'kuyang'ana kumbali. Anakhala pampando.

Panjira yowongoka anali a Fenias amene tonse tinkawadziwa. Manja ofewa, magiya olowa ngati akuthira mafuta. Anadutsa galimoto zinayi anthu asanaphethire. Kenako ina inawalowera kumanzere, yoonekeratu pa sikirini yonse, ndipo iwo anakhotera komweko n'kuigunda. Anthu anaseka. Anawongola, kuthamanganso, pakona yotsatira n'kugundanso ina mbali yomweyo. Anadandaula kuti masikiriniwa ndi opotoka, mizereyi ikuwasokoneza.

Ine mzimu wa mdyerekezi unandigwira. Ndinaika chala pakamwa kuuza anthu kuti akhale chete. Ndinavula chitenje chachikasu chimene ndinafunda paphewa, ndinanyang'ama kuseri kwa mpando, n'kufunditsa sikirini ya kumanzere yonse, ngati kunena kuti popeza sakuigwiritsa ntchito isalowe fumbi. Ndinkayembekeza kuti alumpha n'kukalipa, tonse tiseke.

Sanalumphe. Anapitiriza kuyendetsa.

Anthu ankadzigwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kona yoyamba inadutsa, yachiwiri, yachitatu. Chitenje chowala ngati mpendadzuwa chinali pafupi ndi tsaya lawo, mtunda wa mkono umodzi. Kuseka kunayamba kuchepa, kuyambira kwa madalaivala. Pamene ankamaliza kuzungulira bwalo lonse munalibe woseka m'chipindamo, kunkangomveka kulira kwa injini yabodza.

"Mwangoti chete bwanji?" anafunsa a Fenias, maso ali patsogolo.

Malume a Mateyu anasendera, n'kugwedeza dzanja pafupi ndi diso lawo la kumanzere. Silinaphethire. Malume anawagwira paphewa.

"Mkamwini, imitsani galimoto."

Anaimitsa. Anatembenuza mutu wonse pang'onopang'ono, mpaka diso la kumanja linapeza chitenje changa. Anachiyang'ana, kenako anayang'ana kapitawo, pomaliza ine. Analankhula ndi mawu wamba, ngati akunena za tayala lakutha. Anati diso la kumanzere linazima chaka chatha, pang'onopang'ono, lopanda kuwawa, ndipo pagalasi limaoneka labwinobwino. La kumanja nalo layamba kudyeka m'mbali, moti amaona ngati akusuzumira m'paipi. Pa pulazima zonse zimakhala kutsogolo, ndiye palibe ankadziwa.

Ndinayamba kukumbukira zonse. Tiyirumu yanga ili kumanzere kwa msewu ukamachokera kuboda. Pa ukwati paja ndinakhala kumanzere kwawo. Mkazi wa ku Moatize amene ndinamuda chaka chathunthu kunalibe. Kenako ndinaganiza za njinga za makala zimene zimatsika m'mbali mwa msewu uja, matumba atatu atatu, ndi ana a sukulu oyenda mbali yomweyo, thiraki yodzaza ikudutsa woyendetsa asakuwaona. Ndinachita mantha, ndinachita chisoni, koma manyazi ndiwo anaposa zonse.

Mayi anga, amene chikwatiwire changa sanalankhulepo ndi mkamwini wawo maso ndi maso, anapatula anthu n'kugwada pafupi ndi mpandowo, mbali ya kumanja.

"Bambo, ndinakusungirani mkwiyo pachabe. Mundikhululukire."

A Fenias anaphimba nkhope ndi chipewa. Kapitawo anatuluka mwakachetechete, ndipo tonse tinadziwa kumene ankapita.

7

Lolemba makiyi a thiraki anapatsidwa kwa wina. Lachitatu tinakwera minibasi ya ku Blantyre, ine ndi iwo. Adokotala a maso anati ndi matenda amene amayamba kudya m'mbali munthu osamva kanthu. Diso la kumanzere linapita, silibwerera. La kumanja anati likhoza kusungika ndi mankhwala odontheza tsiku ndi tsiku moyo wonse, ndipo tikanachedwa chaka china bwenzi tikuwagwira dzanja. Za thiraki anati aiwale.

Sabata ziwiri a Fenias ankangondiyankha ee ndi ayi. Tsiku lina masana ndinawapeza pakhonde akusenda nachesi, ndinagwada, n'kupepesa zonse, kuyambira ndimu mpaka chitenje. Kenako ndinafunsa chimene chinkandidya, kuti bwanji sanandiuze.

"Ukanandilola kukweranso thiraki?"

"Ayi."

"Ndiye chifukwa chake. Ndinkati ndipirire mpaka Sonia amalize sukulu. Tsiku lililonse ndinkapemphera kuti ndisaphe munthu." Anandipatsa theka la nachesi. "Ukanandifunsa tili awiri ndikanakunamiza, zimenezo ndikuvomera. Mwina panalibe njira ina. Koma iwe sunachite kuti undipulumutse, Tiye. Unkafuna anthu andiseke, ndipo anandiseka."

Ndinalandira thekalo n'kulidya ndili chigwadire.

Banja lilipo. Pulazima tinaisamutsira kutiyirumu, sofa yanga n'kubwerera pamalo pake. A Fenias ndiwo amayang'anira madalaivala akamapikisana, ndipo pa sikirini imodzi palibebe wowaposa, ngakhale ine, ngakhale ndimayesetsa popanda chifundo. Zakeyu anapeza mkazi chifukwa cha mbiri yomweyi, poti atsikana anayamba kumuona ngati munthu woopsa. Malume a Mateyu akabwera anthu amawafunsa kuti mwana akukula bwanji. Mkangano wa masikirini sunathe. Akandifunsa ine ndimati atatu ndiwo amakuuza zoona, imodzi yaikulu ndiyo imakusangalatsa, ndipo munthu asankhe malinga ndi zimene angathe kupirira.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, mwina mukuti zinatha bwino. Kutchalitchi amandiimiritsa ngati chitsanzo, amati Mulungu anandipatsa nzeru zoululira matenda obisika. Ndimangoweramitsa mutu, iwo n'kumati ndi kudzichepetsa. Zoona zake mwazimva. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya chaka chathunthu ndikunyambita milomo. Mwamuna wanu akasintha, n'kutheka kuti kulidi wina ku Moatize, sindikuwaikira kumbuyo amunawa. Koma musanakonze bwalo loti mumugwetserepo, muyambe mwadzifunsa ngati mungadzathe kumudzutsa anthu atabalalika.

Za diso a Fenias anazilandira. Za kusekedwa kuja sananene kuti zatha, ndipo ine sindiwakakamiza. M'mawa uliwonse amakhala pampando, ine n'kuwagwira chibwano kuwadontheza mankhwala. Amati zikomo mayi a Sonia, mwaulemu ngati kwa namwino. Dzina loti Tiye sanandiitanenso nalo chichokere tsiku la nachesi lija, ndipo ndikulidikirabe.